Mtambo woopsa tingaudziwe bwanji? Dzulo denga lathu lapita

Mlimi_wa_ku_Santhe
Anzanga pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Dzulo cha m'ma 3 koloko masana tinali m'munda wa fodya ndi ana, kukutentha koopsa, kamphepo ndi pang'ono pomwe. Kumadzulo kunali mtambo woyera mbee, wautali ngati chulu. Ine n'kumati umenewo ndi wa anthu a ku Mchinji, sutikhudza. Ola lisanathe kunsi kwake kunada bii, kenako kunabwera chimphepo chozizira, fumbi koboo, mvula isanadonthe n'komwe. Pofika kunyumba tinapeza malata a khitchini ali mumtengo wa mango wa aneba, chigafa chagona pansi. Mvula itayamba inabwera ndi matalala, masamba a fodya angokhala zibowo zokhazokha.

Funso langa ndi ili: kodi munthu angadziwe poyang'ana kumwamba kuti mtambo uwu ndi wa mvula wamba, uwu ndi wachiwonongeko? Chifukwa pa wailesi amangoti mvula ya mabingu m'madera ena. Madera ena ake ati?

Wakabaza_Area25
Pepani bambo. Koma "m'madera ena" kkkk, ngakhale ine ndikhoza kulosera choncho, andilembe ntchito.

NaPhiri_wa_ku_Zomba
Pepani kwambiri achimwene. Bola ana ali bwino, malata amagulidwa.

Mphunzitsi_Wopuma
Bambo a ku Santhe, pepani ndi zomwe zakugwerani. Mtambo munauonawo m'mabuku amautcha cumulonimbus, ndipo mwaufotokoza bwino kuposa ana anga a Fomu 3 aja. Munalakwa pamodzi pokha: munauona woyera n'kuuyesa wofatsa. Kuyerako ndi dzuwa chabe likuwala pamwamba pake. Ukafika pamutu panu umada, chifukwa ndi wochindikala kwambiri moti kuwala sikudutsa.

Umayamba chonchi. Dzuwa likawotcha nthaka m'mawa, mpweya wofunda wokhala ndi chinyezi umakwera. Kumwamba n'kozizira, ndiye chinyezi chija chimasanduka timadontho, n'kupanga timitambo toyera ngati thonje lowunjika, kunsi kwake kophwatalala. Timeneti ndi cumulus, tilibe mlandu. Chofunika kuyang'ana ndi chakuti tikukula bwanji. Tikamangoyandama n'kumasungunuka, limani mtima uli m'malo. Koma kamodzi kakayamba kukula chokwera, mutu wake n'kumatumphuka ngati phala likubwata, kaikeni diso. Kuno kotentha mtambo wotere umatha kufika makilomita 15 m'mwamba ngakhale kupitirira, ndiye kuti Sapitwa asanu osanjikizana. Ukafika poti sungakwerenso, mutu wake umaphwatalala n'kufalikira mbali imodzi ngati bowa, m'mphepete mwake mooneka ngati ulusi wothothoka. Pamenepo kumwambako madzi aundana. Mukaona mutu waphwatalala choncho, dziwani kuti mtambo wakhwima, mkati muli mphenzi, matalala ndi mphepo. Kuchoka pa kathonje kufika pa bowa, ola limodzi limakwanira.

Chimphepo chozizira chija si china ayi. Mvula ndi matalala zikamagwa mkati mwa mtambo zimakokera mpweya wozizira pansi. Ukamenya nthaka umamwazikira mbali zonse, monga madzi a m'ndowa mukawakhuthula pa simenti, ndipo umathamanga patsogolo pa mvula. Ndiwo umasasula madenga. Anthu timadikira dontho loyamba kuti tithawe, pomwe zowononga zambiri zimafika dontholo lisanagwe.

Kamwendo_Wokayika
Aphunzitsi, cumulo-chiyani? Mayina a Chingerezi awa atithandiza chiyani kumunda?

Mphunzitsi_Wopuma
Si Chingerezi n'komwe mwana wanga, ndi Chilatini. Anawayambitsa Luke Howard, munthu wa zamankhwala wa ku London, mu 1802. Cumulus ndi mulu, stratus ndi choyala, cirrus ndi tsitsi lopotana, nimbus ndi mtambo wa mvula. Lero bungwe la zanyengo la dziko lonse lapansi limawerenga mitundu ikuluikulu khumi, koma mayina ake ambiri ndi mawu omwewa kulumikiza. Ngati akukuvutani atayeni, muziti mtambo wa bowa. Denga silifunsa dzina la mtambo.

Gogo_Chiperoni
Ife tinakula opanda Chilatini koma mvula tinkaidziwa. Kukatentha kwachinyontho, thukuta osauma, anamzeze n'kumauluka mmunsimunsi, achule ayamba phokoso masanasana, amayi ankati anulani ufa. Ndipo sankalakwa kawirikawiri. Ana a masiku ano maso ali pa foni, mtambo ukumangidwa pamutu pawo osauona.

Wakabaza_Area25
Agogo, inunso panopa muli pa foni kkkk

Gogo_Chiperoni
Ndili pakhonde mdzukulu wanga, diso limodzi lili kumwamba.

Namwino_wa_Usiku
Ine nkhawa yanga si denga ayi, ndi mphenzi. Nyengo ya dzinja iliyonse timalandira anthu, ndipo nkhani imakhala imodzimodzi: anabisala pansi pa mtengo, anali m'munda akumalizitsa mzere, anali pa bwalo la mpira, amaanula zovala pa waya. Ambiri amati mvula inali isanayambe. Mphenzi imatha kutuluka m'mbali mwa mtambo n'kukagunda pamtunda wa makilomita 10 kapena 15, kumene kukuwala dzuwa.

Njira yosavuta: mukaona kung'anima, yambani kuwerenga masekondi mpaka mumve bingu. Phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu. Mukawerenga kufika 9, mphenzi yagunda pa makilomita atatu. Mukalephera kufika 30, muli kale m'dera loopsa, lowani m'nyumba. Ndipo bingu lomaliza likalira, dikirani mphindi 30 musanatuluke. Apa ndi pomwe ambiri amapusa, mvula ikangokata amathamangira panja kukaona mbuzi.

Kamwendo_Wokayika
Achemwali, zowerengazo tamva. Koma tisanamizane, mphenzi zina n'zotumidwa. Kwathu anthu asanu anakhala pakhonde limodzi, inasankha mmodzi yekha, yemwenso anali ndi mlandu wa munda ndi msuweni wake. Mundiuza kuti ndi masekondi amenewo?

Mtsikana_wa_ku_Ndirande
Yayamba nkhani ija.

Namwino_wa_Usiku
Achimwene, m'mudzi uti momwe mulibe munthu wa mlandu wa munda? Aliyense amene angagundidwe, mukafufuza mupeza anakanganapo ndi wina. Chimene chimachitika n'chakuti mphenzi ikagunda mtengo kapena nsanamira, mphamvu yake imadumphira kwa amene wayandikira, ina imayenda m'nthaka. Amene watsamira khoma kapena mzati, kapena wagona pansi chotambalala, amalandira yambiri kuposa mnzake wakhala pampando mapazi ali pamodzi. N'chifukwa chake ng'ombe zimafa zambiri nthawi imodzi: miyendo yakutsogolo ndi yakumbuyo ndi yotalikirana, magetsi amalowera uku n'kutulukira uko, kudutsa pamtima. Ng'ombe khumi zonsezo zinali ndi mlandu wa munda?

Chimene chimandiwawa ine ndi ichi. Munthu akagundidwa, anthu amaopa kumugwira, ati ali ndi magetsi kapena ati mankhwala awalowa. Thupi silisunga magetsi. Ambiri ogundidwa ndi mphenzi amapulumuka, ndipo amene amafa nthawi zambiri ndi chifukwa mtima kapena kupuma kwaima. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada, dinikizani pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira osalekeza, wina akusaka galimoto. Kumuthira madzi kapena kuyamba kufunsana kuti watuma ndani, mphindi zikupita.

Kamwendo_Wokayika
Za ng'ombezo ndavomera. Zinazo tisiyane pomwepo, aliyense ndi zomwe anaona.

Mkulu_wa_Mpingo_Dowa
Ndiwonjezere. Mu Marichi 2018 ku Rwanda, m'boma la Nyaruguru, mphenzi inagunda tchalitchi cha Seventh Day anthu ali mkati mopemphera, anafa anthu 16. Ku Uganda mu 2011 inapha ana 18 ndi mphunzitsi wawo pa sukulu ya pulayimale. Kwathu titamva za ku Rwanda tinasonkha ndalama n'kuika chitsulo chokoka mphenzi pamwamba pa tchalitchi, waya wake wochindikala kutsikira m'nthaka. Ena ankati n'kuchepa chikhulupiriro. Ndinawafunsa kuti nanga loko pachitseko cha tchalitchi timaikiranji.

Mlimi_wa_ku_Santhe
Apa mwandisokoneza. Anamwino akuti lowani m'nyumba, inu mukuti anthu anafera m'tchalitchi. Ndiye tithawire kuti?

Zamagetsi_Kanengo
Funso labwino bambo, ndipo yankho lake silokoma. Malangizo oti lowani m'nyumba analembedwa poganizira nyumba yokhala ndi mawaya a magetsi, mapaipi a madzi ndi zitsulo m'makoma, zomwe zimatenga mphamvu ya mphenzi n'kuitsitsira m'nthaka. Nyumba ya zidina yofolera udzu ilibe njira imeneyo. Ya malata yopanda waya wopita pansi nayonso chimodzimodzi: mphenzi imagunda malata, imasowa kolowera, n'kudumphira pa chilichonse chili pafupi, kaya ndi munthu. Ku Zimbabwe, pa 23 Disembala 1975, mphenzi imodzi inapha anthu 21 omwe anabisala mvula m'kanyumba kamodzi kum'mawa kwa dzikolo, ndipo mpaka lero palibe mphenzi ina yodziwika yomwe inagunda anthu mwachindunji n'kupha ochuluka choncho.

Komabe nyumba iliyonse iposa pansi pa mtengo. Mukakhala mkati khalani pakati, osatsamira khoma, osaima pakhomo kapena pawindo, osagona pansi pa simenti kapena padothi, khalani pampando kapena pabedi. Galimoto ya denga lachitsulo, mawindo otseka, ndi malo abwino kwambiri, ngakhale minibasi imene. Osati chifukwa cha matayala monga anthu amanenera, koma chifukwa magetsi amayenda kunja kwa chitsulo n'kutsikira pansi. Njinga yamoto, ngolo, kumbuyo kwa lole, zonsezo ayi.

Mtsikana_wa_ku_Ndirande
Nanga foni? Amayi anga bingu likangolira amatilanda mafoni tonse, kuvundikira galasi ndi chitenje, wovala zofiira akavule.

Zamagetsi_Kanengo
Foni ya m'manja sikoka mphenzi, pokhapokha ili pa chaja cholumikiza kukhoma. Zulani TV, firiji, chaja, mtambo usanafike, osati mphenzi zili mkati mong'anima. Galasi ndi malaya ofiira zilibe mlandu. Mphenzi imafuna chinthu chachitali, chosongoka, choima pachokha. Mtundu wa malaya siiona.

Mtsikana_wa_ku_Ndirande
Mubwere mudzawauze nokha, ine sindingayerekeze.

Msodzi_wa_ku_Senga_Bay
Inu a kumtunda muli ndi mwayi, muli ndi kothawira. Panyanja chinthu chachitali ndiwe wemwe ndi bwato lako. Ndiponso kwathu mabingu ambiri amabwera usiku kapena m'bandakucha, nthawi yomwe tili pakati ndi nyali kuwedza usipa. Mtambo suuona, umangoona nyenyezi zikuzima mbali imodzi, kung'anima kutali kopanda phokoso. Akuluakulu amati nyenyezi zikayamba kuzima ndipo kamphepo kasintha n'kuzizira, kokani chilimira muzipita, ngakhale usipa utakhala ukuwira.

Alendo amasokonezekanso ndi nkhungu. Amaona chinthu chakuda chatuluka m'madzi ngati utsi, n'kumati namondwe, pomwe ndi tizilombo touluka tija anthu a kumpoto amatigwira n'kuumba ndiwo. Koma palinso china chofanana nacho chomwe si masewera: chingwe cha madzi chozungulira, chochokera kunsi kwa mtambo wakuda kufika panyanja. Chimenecho ndinachionapo kawiri. Kusiyanitsa kwake, nkhungu imayandama mwaulesi ndipo pamwamba pake sipakhala mtambo, chinacho chimapota ndipo madzi pansi pake amachita thovu.

Nyanja iyi inameza Vipya mu 1946, anthu 145, sitima yachitsulo. Nanga bwato la matabwa?

Mphunzitsi_Wopuma
Asodzi, za Vipya n'zoona, koma inamira pa 30 Julayi, nyengo ya mwera, osati ya mabingu. Mwera ndi mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ya miyezi yozizira, imawomba masiku angapo ndipo a zanyengo amatha kuchenjeza nthawi ilipo. Mphepo ya mtambo wa bingu ndi ina, imabwera mwadzidzidzi n'kutha pa mphindi makumi awiri kapena atatu. Za usiku mwanena zoona. Masana mtunda umatentha kuposa madzi, ndiye mitambo imamera kumtunda. Usiku madzi ndiwo amakhala ofunda, kamphepo kamachokera kumapiri mbali zonse n'kukakumana pakati pa nyanja, mtambo n'kumera pomwepo.

Msodzi_wa_ku_Senga_Bay
Mwera, bingu, ukagwa m'madzi amakoma chimodzimodzi aphunzitsi.

Wa_ku_Joni_011
Matalala a kwanuwo ndi ana. Kuno ku Johannesburg chaka ndi chaka cha mu Novembala amagwa ena ngati mazira a nkhuku, magalasi a galimoto phwaa. Mudzaone anthu pamsewu waukulu akulimbirana kubisala pansi pa mlatho. Abwana anga amasunga mabulangete akale m'galimoto ofunditsira. Chomwe ndaphunzira, kunsi kwa mtambo kukaoneka kobiriwira mwachilendo, ngati madzi a padziwe, matalala ali pafupi. Ndipo kamvuluvulu wamkulu uja timaonera pa TV za ku America, kunonso amachitika. Mu Juni 2024 anagwetsa nyumba zambirimbiri ku Tongaat pafupi ndi Durban, anthu anafa.

Mphunzitsi_Wopuma
Kubiriwirako anthu ambiri amakuona mtambo ukakhala wautali ndi wodzaza madzi kwambiri, ngakhale si nthawi zonse pamagwa matalala. Talala limayamba ngati kambewu ka madzi oundana. Mpweya wokwera mkati mwa mtambo umaligwira m'mwamba, madontho ozizira n'kumamatirira, mpaka litalemera kuposa mphamvu ya mpweyawo. Mukadzalitola lalikulu mulidule pakati, mudzaona mizere ngati anyezi. Ndiye kukula kwa matalala kumakuuzani ukali wa mpweya mkati mwa mtambo. Ku Bangladesh mu Epulo 1986 anagwa ena olemera kilogalamu imodzi, anapha anthu 92.

Ndili_ku_Leeds
Ine ndikuwerenga ndi nsanje. Kuno mtambo ndi umodzi chaka chonse, bulangete lotuwa kuyambira Okutobala mpaka Marichi, kamvula kowaza kosatha. Ndasowa fungo la dothi la chizimalupsa.

Gogo_Chiperoni
Bwerani ku Thyolo mu Juni, bulangete lomwelo tili nalo, ulendo wa ndege mwangotaya ndalama.

Mphunzitsi_Wopuma
Agogo anena zoona, ndi mtambo womwewo, stratus. Chiperoni dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, komwe mpweya wozizira wa kunyanja ya mchere umadzera pobwera kuno. Ndi mtambo wapansi, woyala, wopanda mutu. Ungakudwalitseni chimfine, ungabise msewu pa Dedza kapena pa Bvumbwe, koma mphenzi mulibe.

Poti tafika apa, nditchule inanso mwachidule. Ija yopyapyala ya kumwamba kwambiri, yooneka ngati ndevu za chimanga kapena nthenga, ndi cirrus, ndi timadzi toundana, mvula siigwetsa. Ikafalikira thambo lonse ngati nsalu yopyapyala mpaka dzuwa kapena mwezi kuzunguliridwa ndi mkombero, nthawi zina ndiye kuti chinyezi chikubwera, mvula mawa kapena mkuja. Ija ya timagulu ngati mamba a chambo ndi ya pakatikati. Payokha siopsa, koma mukaiona m'mawa kukutentha, ndipo timagulu take tamera timitu tosongoka ngati mano a sowo, masana ake konzekani.

Ziwiri zoti muzidziwe bwino. Choyamba, mtambo wautali chopingasa, wakuda, wotsika pansi, wooneka ngati khonde kapena mlomo wa mbale patsogolo pa mvula. Umakhala pamphuno penipeni pa chimphepo chija. Mukauona ukubwera mwatsala ndi mphindi zochepa, si nthawi yojambula. Chachiwiri, matumba olendewera kunsi kwa bowa uja, onga mabere a ng'ombe. Amaopsa maonekedwe, koma kawirikawiri amaoneka chimvula chikudutsa pambali kapena chitadutsa kale.

Wakabaza_Area25
Aphunzitsi mabere a ng'ombe kumwamba?? Ndiye mkaka ugwa liti

Mphunzitsi_Wopuma
Dzina lake la Chilatini ndi mammatus, tanthauzo lake ndi lomwelo. Sindinapeke ine.

Mayi_wa_ku_Chilobwe
Ndawerenga zonse, koma ndikuona ngati mukuopa mtambo umodzi wokha. Ife chomwe chinatipha mu Marichi 2023 sichinali bowa kapena khonde. Kumwamba kunali kotuwa basi, kopanda maonekedwe, mvula n'kumangogwa usana ndi usiku, masiku atatu anayi osakata. Mabingu sanali ambiri n'komwe. Ambiri tinkati ndi mvumbi wamba, tigone. Kenako phiri la Soche linatsika ndi miyala ndi matope. Namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Ine mpaka lero mvula ikagwa tsiku lachiwiri osaleka, sindigona, ndimakhala ndikumvetsera kuphiri.

Ndiye aphunzitsi muwauzenso anthu kuti mtambo wofatsa nawo umapha.

NaPhiri_wa_ku_Zomba
Pepani mayi. Kwathu akuluakulu amakambabe za Napolo wa mu 1946, pomwe phiri la Zomba linagumuka, ndipo ku Phalombe zinachitikanso mu 1991. Amati Napolo akamasamuka kuphiri kupita kunyanja, kumamveka mkokomo ngati malole ambiri, madzi a mumtsinje amasanduka matope ofiira mwadzidzidzi. Kaya ndi njoka kaya si njoka, zizindikirozo n'zenizeni.

Mphunzitsi_Wopuma
Mayi a ku Chilobwe, mwandikonza ndipo ndavomera. Ndinatengeka ndi funso la denga. Mtambo wa mvumbi, nimbostratus, ulibe ukali wa mphindi imodzi, koma umakhutitsa nthaka mpaka singamwenso, ndipo paphiri lopanda mitengo dothi limangotsetsereka. Kusiyana kwake n'koti namondwe ngati Freddy, Ana wa mu 2022 kapena Idai wa mu 2019 ndi chinthu chachikulu makilomita mazanamazana, amamuona ali kunyanja ya India masiku angapo asanafike. Pamenepo maso anu sangakuthandizeni, mverani wailesi. Mtambo wa bingu ndi waung'ono, mwina makilomita 10 kapena 20 m'lifupi, moyo wake ola limodzi kapena awiri. Ndiye pamene a nthambi ya zanyengo akuti m'madera ena, sikuti akuzemba. Angadziwe kuti lero mpweya wapsa m'chigawo chapakati, koma sangadziwe m'mawa kuti mtambo umera pa Santhe kapena pa Chinkhoma. Mbali imeneyo ndi ya mwini munda.

Wakabaza_Area25
Chabwino, ntchito ija ndaisiya. Koma kunena zoona ife a njinga chomwe chimativuta ndi madzi. Kasitomala amakukakamiza, aise tawoloka, ndi ofika m'mawondo okha. Chaka chatha ndinaona mnzanga njinga ikumuchoka m'manja pa kamlatho ka kwathu, iye anagwira bango. Chodabwitsa, kwathuko kunali kusanagwe mvula, inagwa kumtunda.

Namwino_wa_Usiku
M'mawondo ndi ambiri kale. Madzi othamanga ofika masentimita 15, pa kakolo chabe, amagwetsa munthu wamkulu. Masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono. Ndiponso pansi simukuona, mwina mlatho wadyeka kale. Madzi a mvula ya bingu amakwera msanga n'kutsikanso msanga, dikirani mpaka atsike. Kasitomala wachangu atsike awoloke yekha.

Kalipentala_Mponela
Tibwerere ku denga la bambo aja, chifukwa mtambo mukhoza kuudziwa dzina ndi mfunda womwe, koma denga likakhala lomangidwa mwaulesi lipitabe. Mphepo sikankha denga, imaliyamwa chokweza, makamaka m'makona ndi m'mphepete. Madenga ambiri omwe ndaitanidwa kukakonza, malata sanachoke pa mitengo ayi, anapita limodzi ndi mitengo yake, chifukwa phaso linangosanjikidwa pakhoma n'kupsinjidwa ndi njerwa ziwiri. Mangani phaso ndi waya wochindikala wolowa m'khoma mizere inayi kapena isanu ya njerwa kutsika pansi. Misomali ikhale ya malata yeniyeni, yokhala ndi chipewa, yokhomedwa pamsana pa lata, ndipo m'mphepete muikhome pafupipafupi. Khonde lisatuluke kwambiri. Denga lotsetsereka mbali zinayi limapirira kuposa la mbali imodzi lija timakonda pa khitchini.

Chimphepo chikamabwera tsekani zitseko ndi mawindo onse. Chitseko cha mbali ya mphepo chikatseguka, mpweya umadzaza m'nyumba n'kukankha denga kuchokera mkati, kunja ukuyamwa. Ndipo lata louluka ndi mpeni, ana asathamangire panja kukaona.

Mlimi_wa_ku_Santhe
Amisiri mwandilasa. Njerwa ziwiri zomwezo, ndi mwala umodzi.

Kalipentala_Mponela
Simuli nokha bambo, theka la mudzi wathu ndi choncho.

Kamwendo_Wokayika
Nanga mitengo? Ena akuti bzalani itchinge mphepo, anamwino akuti mtengo umakoka mphenzi. Titsate ziti?

Kalipentala_Mponela
Zonse. Bzalani mzere mbali yomwe mphepo imadzera, koma patali poti utagwa usafike padenga. Bulugama pafupi ndi nyumba ayi, ndi wamtali ndipo nthambi zake zimathyoka.

Mkulu_wa_Mpingo_Dowa
Ndipo pamaliro ndi pamisonkhano tiziganizirapo. Anthu mazana pansi pa mtengo umodzi wa kachere, mtambo ukuda, aliyense akuopa kunyamuka poti amfumu akulankhula.

Gogo_Chiperoni
Amfumu anzeru amafupikitsa okha.

Mlimi_wa_ku_Santhe
Zikomo nonse. Fodya wina aphukiranso, masamba apansi okha ndiwo atheratu. Malata tawatsitsa mumtengo, atatu ndi opindika koma awongoka. Amisiri a ku Mponela, waya mukunenayo ndi uja wa mpanda kapena wina? Mundiyankhe ndikaone madzulo. Panopa kwatenthanso ngati dzulo, ndipo chakumpoto kuli kathonje kamodzi kayamba kubwata, mutu usanaphwatalale. Ndatuma mwana akamasule mbuzi ku dambo.

Kalipentala_Mponela
Wa mpanda wopanda minga, wochindikala uja, muupinde pawiri.